Mainjini ang'onoang'ono osula ndi manja: muyambe ndi iti?

Munthu akaona kainjini kokwana m'chikhatho kakulira pa tebulo, utsi ukufuka, amayamba wafunsa ngati mkatimo mulibe batire lobisika. Mulibe. Muli pisitoni, silinda, mafuta ndi moto, monga momwe Nikolaus Otto anakonzera injini yake ya four-stroke, yophulitsa kamodzi pisitoni ikayenda kanayi, mu 1876. Kusiyana kwake n'kwakuti kachidutswa kalikonse anachita kukasema munthu mmodzi pa lathe, makina aja amazunguza chitsulo inu n'kumachidya pang'onopang'ono ndi mpeni wake.

Amene mwatengeka mtima ndipo mukufuna kusula yanu, pali msampha umodzi woti muudziwiretu. Ongoyamba ambiri amathamangira injini yaing'ono kwambiri poganiza kuti kuchepa kwake ndiye kuphweka. Zoona zake n'zosiyana. Mukachepetsa miyezo yonse ya injini ndi theka, malo a mpweya m'silinda amachepa ka 8, koma khoma lomwe limaba kutentha limangochepa ka 4. Choncho kainjini kakang'ono kamataya kutentha msanga, ndipo kampata komwe injini ya galimoto singakamve n'komwe kamatha kuthawitsa mpweya wonse. Ichi ndicho chimene chandichititsa kuti m'nkhani ino ndizifunsa mobwerezabwereza kuti: kodi injini iyi imakhululuka dzanja likaphonya pang'ono?

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Mtengo ndi woyamba, koma pano sitikunena za zitsulo zokha. Zitsulo za injini ya silinda imodzi n'zochepa. Ndalama zimathera pa zida, ndipo chodula koposa ndi nthawi yanu. Pa injini iliyonse mufunika lathe, makina obowolera, mafayilo, zotsekulira mazinga ndi micrometer yowerenga mpaka 0.01 ya milimita. Lathe yotha kuzunguza chitsulo cha mamilimita pafupifupi 180 m'mimba mwake, ngati timakina tija amatitcha 7x14 kapena Myford ML7 yomwe inayamba kupangidwa ku England mu 1946, imakwanira pa zambiri. Amisiri akale amachenjeza kuti mipeni, zogwirira ndi zoyezera zimatha kudya ndalama zofanana ndi za lathe yeniyeniyo, ndipo sanama.

Chachiwiri ndi kapezekedwe: mapulani odalirika, zitsulo, mapulagi ndi mafuta oyendetsera. Injini yokongola yopanda mafuta ake ndi chokongoletsera pa shelefu basi. Chachitatu ndi kasamalidwe ikatha kupangidwa. Chachinayi ndi zoopsa, ndipo zili pawiri: zimene zingavulaze thupi, ndi zimene zingaphe ntchitoyo isanathe. Zachiwirizi anthu sazitchula kawirikawiri, komatu m'madirowa a amisiri ambiri mwagona mainjini osamaliza.

1. Four-stroke ya silinda imodzi yosema kuchokera ku zidutswa wamba

Apa simugula chilichonse choumbidwa kale. Mumatenga mipiringidzo ndi mapale a aluminiyamu, chitsulo ndi mkuwa, n'kudula chilichonse nokha. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi injini ya Webster, yomwe mapulani ake anajambula Joe Webster. Silinda yake ndi yogona, m'mimba mwake ndi 7/8 ya inchi, kapena kuti mamilimita pafupifupi 22, pisitoni imayenda mainchi 1.25, ndipo zonse pamodzi zimapereka 12 cc. Nzeru yake yagona pa zimene inasiya. Valavu yolowetsa mafuta ilibe cam, kachitsulo ka nundu kokankha valavu, imangotseguka yokha pisitoni ikamakoka mpweya. Cam ilipo imodzi yokha, ya valavu yotulutsa utsi, ndipo imayendetsedwa ndi magiya awiri omwe amachititsa kuti izungulire kamodzi crankshaft, chitsulo chomwe pisitoni imazunguza, ikazungulira kawiri.

*Mtengo.* Mwa njira zonse za four-stroke, iyi ndiyo yotchipa. Chidutswa chikawonongeka mumadula china pa mpiringidzo womwewo n'kuyambiranso, osalipira wina aliyense. Chomwe chimakweza mtengo ndi moto wa pulagi: koyilo ndi mapointi, kapena kabokosi ka magetsi kotchedwa CDI kokhala ndi kachipangizo komva maginito. Magiya awiri aja ambiri amangogula, chifukwa kudula mano a giya kumafuna zida zinanso.

*Kapezekedwe.* Mapulani a Webster ndi aulere pa intaneti, ndipo anthu amene anaipangapo ndi ambiri moti vuto lililonse mungakumane nalo wina analifotokoza kale. Miyezo yake ili m'mainchi. Ngati zida zanu ndi za mamilimita, khalani pansi musinthe miyezo yonse musanadule kanthu, makamaka mazinga a mabawuti. Kusintha muli mkati mwa ntchito kumabala zidutswa zosagwirizana. Mapulagi ang'onoang'ono a mazinga a 1/4-32 amapezeka kwa ogulitsa zipangizo za mainjini otere, ndipo ena amaika NGK CM-6 ya mamilimita 10 ngati mutu wa silinda uli ndi malo.

*Kasamalidwe.* Crankshaft ili pamtunda, ndiye oyilo mumathira ndi dzanja nthawi iliyonse musanailize. Silinda imazizira ndi mpweya wongodutsa m'zipsepse zake, ndipo popeza injiniyo imakhala pa tebulo popanda chokupiza, ikayenda kwa nthawi imatentha ndipo iyenera kupuma. Petulo wotsalira m'kabuleta amauma n'kutseka kabowo ka singano, choncho muzikhuthula mukamaliza.

*Zoopsa.* Magiya ndi flywheel, gudumu lolemera losunga liwiro, zili poyera, zimakoka chala, nsalu kapena tsitsi. Koyilo imatulutsa mavoti masauzande angapo. Sikuti ikuphani, koma kudzidzimuka kwake kukhoza kuponya dzanja lanu pa flywheel. Musailize m'chipinda chotseka, chifukwa ngakhale kainjini kakang'ono kamatulutsa carbon monoxide, mpweya wakupha wosanunkha.

Kumbali ya ntchitoyo, mdani wamkulu ndi mavalavu. Injini yatsopano ikakana kulira, mwini wake amathamangira kukayikira kabuleta kapena taiming'i (nthawi yomwe moto umayakira ndi mavalavu kutsegukira), pomwe nthawi zambiri mpweya ukudontha pa valavu yosakhala bwino pampando wake. Mlomo wa valavu, womwe kawirikawiri umadulidwa pa madigiri 45, uyenera kusemedwa nthawi imodzi ndi mwendo wake chitsulocho chisanachotsedwe pa lathe, ndipo mpando wake ukhale kamzere kowonda osati kotambalala. Ubwino wake ndi wakuti valavu ndi kachinthu kakang'ono; mukhoza kupanga zisanu madzulo awiri n'kusankhapo ziwiri zabwino. Pa pisitoni napo pali chifundo: popeza injiniyi siithamanga kwambiri, ambiri amaika ringi ya labala ya Viton, yomwe imapirira kutentha pafupifupi madigiri 200, m'malo movutika ndi maringi a chitsulo. Amisiri ena amati kumeneko ndi kubera. Ine ndimati injini yoyamba ilire kaye, mkangano wa maringi udzabwera pa yachiwiri.

2. Injini yochokera ku zitsulo zothiridwa m'chikombole

Apa mumagula thupi la injini, ma flywheel ndi mutu wa silinda zitasungunulidwa kale n'kuthiridwa m'chikombole, koma zili zokakala. Ntchito yanu ndi kuzisema mpaka zikwanirane. Mitundu iwiri ndiyo yotchuka. Woyamba ndi tizifanizo ta mainjini a hit-and-miss, aja ankapopa madzi ndi kuyendetsa macheka m'mafamu a ku America kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mpaka cha m'ma 1930, opangidwa ndi makampani monga Fairbanks-Morse ndi International Harvester. Injini yotere ikathamanga kupitirira muyezo, gavanala, chida choyang'anira liwiro, amagwira valavu ya utsi kuti isatseke, ndiye imangozungulira ndi mphamvu ya ma flywheel osaphulitsa, mpaka liwiro litatsika. Kulira kwake n'kosaiwalika: phu! kenaka kupuma, kupuma, kupuma, phu! Wachiwiri ndi mainjini a Edgar T. Westbury, yemwe anakhala ndi moyo kuyambira 1896 mpaka 1970 ndipo analemba kwa zaka zambiri m'magazini ya Model Engineer. Kiwi ya 15 cc ndi Whippet ya 10 cc ndi ena mwa mainjini ake a silinda imodzi omwe anthu akupangabe.

*Mtengo.* Ndi wokwera kuposa wa njira yoyamba, chifukwa mukulipira woumba zitsulozo komanso kulemera kwake pozitumiza. Cast iron, chitsulo chomwe amathira m'chikombole, siipepuka. Komanso ma flywheel a hit-and-miss ambiri ndi aakulu moti sangazungulire pa lathe yaing'ono; yezani makina anu musanaitanitse. Makina a milling, omwe amazunguza mpeni m'malo mwa chitsulo ndipo pa Webster mungathe kuwazemba movutikira, apa amafunika ndithu, ngakhale Westbury mwiniwake ankajambula mainjini ake poganizira munthu yemwe ali ndi lathe imodzi yokha.

*Kapezekedwe.* Apa m'pomwe pali kufooka. Oumba zitsulo zoterezi nthawi zambiri ndi timakampani ta munthu mmodzi kapena awiri, ndipo mwini wake akapuma ntchito, zikombole zimatha kusowa. Za Westbury zikupezekabe ku England kudzera ku Hemingway Kits. Musanagule kwa aliyense, funsani chinthu chimodzi: kodi ndikawononga mutu wa silinda, mudzandigulitsa wina pawokha?

*Kasamalidwe.* Hit-and-miss ndi injini yofatsa. Imazungulira maulendo mazana ochepa chabe pa mphindi, imamwa mafuta pang'ono, ndipo madzi a m'kabokosi ka pamwamba pa silinda amaiziziritsa moti ikhoza kulira tsiku lonse pa chionetsero. Madziwo muzikhuthula mukamaliza, apo ayi dzimbiri lidya mkati. Chovuta chake ndi kusintha gavanala. Masipuling'i akalimba pang'ono injini imaphulitsa mosalekeza, akafewa imazima, ndipo kupeza pakati pake kumatenga masiku.

*Zoopsa.* Ma flywheel awiri olemera sakuima chifukwa chakuti chala chanu chalowapo. Pa lathe, chidutswa chosaoneka bwino mbali zake chiyenera kumangidwa molimba ndi kuyendetsedwa pang'onopang'ono, chifukwa chikamasuka chimauluka. Cast iron ili ndi chikopa cholimba chosakanikirana ndi mchenga, chomwe chimabunthitsa mpeni ngati mukungopala pamwamba. Kudula koyamba kulowe pansi pa chikopacho. Nthawi zina mumasema maola angapo n'kupeza kabowo ka mpweya mkati mwenimweni mwa chitsulo, pamalo oyenera kukhala mpando wa valavu. Ndipo fumbi lake lakuda limadya njanji za lathe mukapanda kupukuta.

Koma choopsa chenicheni ndi mantha. Chidutswa chothiridwa m'chikombole chilibe mbali yowongoka yoyambirapo kuyeza, ndipo muli nacho chimodzi chokha. Anthu amatha mwezi akungochitembenuza m'manja. Mphotho yake ndi yakuti injini ikatha imaoneka ngati yeniyeni, yokhala ndi mapewa ozungulira omwe simungawapeze posema mpiringidzo.

3. Kadizilo ka two-stroke

Two-stroke ndi injini yophulitsa kamodzi pisitoni ikayenda kawiri, koma dzina loti dizilo ndi longobwereka. Kainjini aka kalibe pampu yopopera mafuta ngati dizilo wa lole. Kamakoka mafuta osakanikirana ndi mpweya n'kuwapanikiza mpaka atayaka okha. Pamwamba pa pisitoni pali kapisitoni kena kosayenda, komwe mumakatsitsa kapena kukakweza ndi sikulu kuti musinthe kompuleshoni. Mainjini otere, oulutsira tindege toseweretsa, anafala ku Ulaya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, ndipo Mills 1.3 ya ku Britain, yomwe inatuluka mu 1946, anthu akuikopabe mpaka lero. Kwa wosula yekha, Boll-Aero ya 1.8 cc yojambulidwa ndi Chris Boll ndi imodzi mwa zodziwika, ndipo siifuna zothira m'chikombole.

*Mtengo.* Palibe yotchipa kuposa iyi. Pulagi palibe, batire palibe, koyilo palibe, mavalavu, cam ndi magiya palibe. Zitsulo zake zonse zikhoza kukwana m'thumba la malaya, ndipo lathe yaing'ono ngati Sherline kapena Taig ikwanira.

*Kapezekedwe.* Mapulani alipo ambiri. Vuto ndi mafuta. Kasakanizidwe kakale ndi magawo ofanana a ether (mankhwala amadzimadzi oyaka msanga), palafini ndi mafuta a nsatsi. Ziwiri zomalizazi sizivuta, koma ether m'maiko ambiri sagulitsidwa mwachisawawa, chifukwa ali pa mndandanda wa mankhwala omwe pangano la United Nations la 1988 linalamula kuti aziyang'aniridwa. Popanda ether kainjinika sikalira, ndipo palibe cholowa m'malo mwake chomwe ndingakulangizeni ndi mtima wonse. Tsimikizani za mafuta musanadule chitsulo choyamba.

*Kasamalidwe.* Kakangolira bwino, kamakhalitsa. Mafuta a nsatsi amateteza zitsulo kwambiri ngakhale pa kutentha, koma kainjini kakakhala miyezi osayenda amauma ngati ulimbo n'kumata pisitoni. Ether amawira pa madigiri pafupifupi 35, ndiye chitini chosatsekedwa bwino chimataya mphamvu yake mwakachetechete; mawa lake mudzatukwana injini pomwe wolakwa ndi chivindikiro.

*Zoopsa.* Nthunzi ya ether ndi yolemera kuposa mpweya, imakwawa pansi n'kukapeza moto kutali, ndipo ether wokhalitsa amatha kupanga mankhwala ophulika m'botolo momwemo. Poliza, mumakankha pulopela ndi chala kapena kamtengo, ndipo kompuleshoni ikachuluka imabwerera n'kukumenyani. Mafuta akadzaza m'silinda inu n'kukakamiza, mwendo wa pisitoni umapindika.

Tsono nayi nkhani yaikulu, yomwe yandichititsa kuti ndisaike njira iyi poyamba ngakhale ili yotchipa. Pisitoni ya kadizilo ilibe ringi. Chomwe chimatsekereza mpweya ndi kukwanirana kwa chitsulo ndi chitsulo, ndipo mpata wololedwa ndi wa ma micron owerengeka, micron imodzi kukhala 0.001 ya milimita. Micrometer wamba siingakuuzeni zimenezo, zimamveka m'zala. Silinda mumaikwecha ndi kamtengo ka aluminiyamu kapena mkuwa kopakidwa phala losalazira, ndipo iyenera kupanikiza pang'ono kumtunda kusiyana ndi kumunsi kuti pisitoni izigwira ikafika pamwamba. Mukapitirira ndi mphindi imodzi yokha pokwecha, pisitoniyo yatha ntchito, mupange ina. Kapisitoni ka pamwamba kaja nako kali ndi zofuna zake: kagwire mokwanira kuti kasadonthe, koma kamasuke mokwanira kuti kompuleshoni izikabweza mukamasula sikulu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mawuwo ndi malangizo enieni a umisiri. Four-stroke yodontha pang'ono imatsokomola, kukupatsani chiyembekezo ndi pokonza. Kadizilo kodontha kamangokhala chete, osakuuzani kalikonse.

4. Two-stroke ya glow plug

Kapangidwe kake kamafanana ndi ka kadizilo, kungoti pamutu pali pulagi yokhala ndi kawaya ka platinum. Ray Arden wa ku America ndiye anaibweretsa cha mu 1947. Mumaitenthetsa ndi batire la mavoti 1.5 poliza, ndipo injini ikagwira mumachotsa batirelo. Kawayako kamapitiriza kufiira kokha chifukwa platinum akakumana ndi nthunzi ya methanol, mafuta a injiniyi, amatentha.

*Mtengo.* Ndi wotsika pomanga, wokwererapo poyendetsa. Methanol ali ndi mphamvu pafupifupi theka la ya petulo, ndiye injini imamwa kwambiri, ndipo mapulagi amapsa.

*Kapezekedwe.* Pulagiyo simungaipange kunyumba. Kale inkapezeka paliponse pogulitsa tindege toseweretsa, koma chiyambireni tindegeto kuyendera mamota a magetsi ndi mabatire a lithium, ogulitsa mapulagi ndi mafuta ake achepa. Mafutawo ndi methanol, oyilo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5, ndipo nthawi zambiri nitromethane pang'ono. N'zotheka kusakaniza nokha popanda nitromethane.

*Kasamalidwe.* Methanol amakoka chinyezi. Mukasiya mafuta m'injini, maberingi amachita dzimbiri. Iyendetseni mpaka mafuta athe, kenaka dontheziranimo oyilo wopepuka. Pa injini yatsopano, tizinyenyeswa ta chitsulo timamata pa kawaya kaja n'kupha pulagi, choncho musayambe ndi pulagi yanu yomaliza.

*Zoopsa.* Methanol ndi poizoni wochititsa khungu, ndipo lawi lake silioneka bwino masana. Mukhoza kupsa musanadziwe kuti pali moto. Mainjini awa amapitirira maulendo 10,000 pa mphindi, phokoso lake limaboola makutu, ndipo pulopela pa liwiro limenelo ndi mpeni. Pa kukwanirana kwa pisitoni imakhululuka kuposa kadizilo chifukwa siifuna kompuleshoni yochuluka chotero, komabe si ntchito yochita mothamanga.

Pulagi yomweyi imagwiranso pa four-stroke, ndipo ena amaigwiritsa ntchito pofuna kuzemba mavuto a koyilo ndi distributor, chida chogawira moto ku mapulagi. Mfundo imeneyi isungeni, chifukwa ikhudza njira yotsatirayi.

5. Mainjini a masilinda ambiri

Awa ndiwo amakopa anthu kulowa m'ntchitoyi: V8, injini ya masilinda 8, yokwana pa mbale, kapena injini ya ndege yakale yokhala ndi masilinda ozungulira ngati nyenyezi. Ku Carlsbad, m'chigawo cha California, kuli nyumba yosungiramo ntchito zoterezi ya Joe Martin Foundation, ndipo m'menemo muli chifanizo cha galimoto ya Duesenberg ya 1932 chomwe Louis Chenot anapanga mochepetsa miyezo ka 6, injini yake ya masilinda 8 n'kumalira ndithu. Mwa mapulani odziwika pali Seal ya Westbury ya 1947, ya masilinda 4 ndi 15 cc, Edwards Radial 5, ndi ya masilinda 9 ya Lee Hodgson.

*Mtengo.* Ndi waukulu m'zonse. Makina a milling ndi chida chogawira bwalo m'madigiri sizozembeka. Nthawi imawerengedwa m'zaka, osati m'miyezi. Injini ya masilinda 9 ili ndi mavalavu 18, mipando 18, masipuling'i 18, ndipo zonse ziyenera kufanana. Gawo lalikulu la ntchito limathera popanga zogwirira zoti zidutswa zizituluka chimodzimodzi, zomwe palibe amene adzazione injini ikatha.

*Kapezekedwe.* Mapulani abwino ambiri ndi ogula, ndipo ndi oyenera kulipiridwa, chifukwa cholakwa chimodzi m'zojambula mudzachibwereza ka 9. Sankhani omwe anthu ena anamangirapo kale injini n'kulira.

*Kasamalidwe.* Kabuleta imodzi siigawa mafuta mofanana, ndiye silinda ina imakhuta pomwe ina ili ndi njala, ndipo kupeza yomwe yazima kumafuna kugwiragwira mapaipi a utsi kuti mumve yozizira. Magetsi nawo sachepetseka ngati chitsulo. Distributor mukhoza kuichepetsa ka 4, koma moto wa pulagi ukufunabe mavoti omwewo, ndipo m'kabokosi kopanikizana umalumphira pa waya wolakwika. N'chifukwa chake ena amaika ma glow plug. Pa injini ya nyenyezi, oyilo amatsikira m'masilinda a pansi ikakhala osayenda, ndipo musanailize muyenera kuizunguza ndi dzanja kapena kuchotsa mapulagi a pansiwo, monga ankachitira pa ndege zenizeni. Ngati munadabwapo chifukwa chomwe masilinda ake amakhalira 5, 7 kapena 9, yankho lili pa kaphulitsidwe: four-stroke yotere imalumpha silinda imodzi nthawi iliyonse, monga 1-3-5-2-4, ndipo zimenezi zimangotheka bwino pa nambala yosagawika pawiri.

*Zoopsa.* Mphamvu yake si yoseweretsa. Imangirireni pa thabwa lolemera ndipo aliyense aime kumbuyo kwa pulopela. Koma chomwe chimapha mainjini ambiri a mtundu uwu ndi kutopa kwa mwini wake. Pa silinda imodzi, ikakana kulira muli ndi malo ochepa okayikira. Pa masilinda 9, munthu yemwe sanamvepo m'zala zake kuti valavu yotseka bwino imakhala yotani sadziwa poyambira.

Nanga zongolumikiza?

Masiku ano pali mainjini ogulitsidwa zidutswa zitasemedwa kale ndi makina a kompyuta, inu n'kungomanga ndi sikuludiraiva. Mtengo wogulira ndi wokwera koma simufuna lathe, amapezeka mosavuta pa intaneti, ndipo kasamalidwe ndi zoopsa zake n'zofanana ndi za mtundu wa injiniyo. Chidutswa chikathyoka mumadalira wogulitsa. Amaphunzitsa taiming'i ndi kasinthidwe ka kabuleta, koma kusula ayi.

Iti ikuyenera yani

Ngati muli ndi lathe yaing'ono, mwasemapo tinthu tingapo, ndipo iyi ndi injini yanu yoyamba, pangani four-stroke ya silinda imodzi ya zidutswa wamba. Siyokongola kwenikweni, koma idzakuphunzitsani mavalavu, cam, taiming'i ndi kabuleta, ndipo cholakwa chilichonse chimakonzeka ndi chitsulo chomwe muli nacho kale.

Amene simunagwirepo lathe n'komwe, musayambe ndi iliyonse mwa izi. Pangani kaye kainjini koyendera mpweya wopopa, ka silinda yogwedezeka, komwe kamazungulira ngakhale kakudontha. Milungu ingapo imeneyo idzakupulumutsirani miyezi.

Wokhala ndi lathe yokulirapo ndi makina a milling, yemwe akufuna injini yoti ana ndi alendo aziiyang'ana ikulira modekha kwa maola, asankhe hit-and-miss, bola akhale atamalizapo injini ina ndipo watsimikiza kuti zidutswa zosinthira zimagulitsidwa pazokha. Ngati mtengo wotumizira zitsulo zolemera ukukuopsani, mapulani a hit-and-miss ya zidutswa wamba aliponso, monga a David Kerzel.

Kadizilo ndi ka munthu wa malo ochepa ndi ndalama zochepa koma mtima wautali, yemwe wapeza kale kogula ether mwalamulo ndipo savutika kutaya mapisitoni atatu asanapeze yabwino. Ngati ether palibe koma methanol ndi mapulagi zilipo, kapena mukufuna injini yoti iulutse kandege, glow plug ndiyo njira yanu. Ingoganiziraninso za anansi ndi phokoso.

Masilinda ambiri asiyireni injini yachitatu kapena yachinayi. Ngati mtima wakana kudikira, gulani mapulaniwo, pangani silinda imodzi yokha ndi mutu wake, muiike pa kabokosi kongoyeserera n'kuiliza payokha. Ikalira bwino, zogwirira zomwe mwapangazo zidzagwiranso ntchito pa masilinda otsalawo.